Ndithandizeni kusankha fonti ya slab serif, yonenepa ndi yopendekera, ya chikwangwani cha pamsewu

WaChitakale analemba:

Moni nonse. Ine ndili ndi kashopu kosindikiza pa Chitakale, ku Mulanje kuno. Ntchito zomwe ndimagwira kwambiri ndi makadi a ukwati ndi a chinkhoswe, mapulogalamu a maliro, maposita a misonkhano ya mipingo, zoterozo basi. Zikwangwani zazikulu za pamsewu ndi ntchito yachilendo kwa ine, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu odziwa.

Amayi ena a gulu logulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wa M2, cha kolowera ku Muloza, andipatsa ntchito ya chikwangwani choika pamwamba pa shedi yawo. Lata lake ndi la mamita atatu mulitali, masentimita 80 mulifupi. Mawu ofunika ndi atatu: ZINANAZI, NTHOCHI, UCHI. M'munsi mwake mukhala dzina la gulu ndi nambala ya foni. Akufunanso timasitika tomata pa mabotolo a uchi, kuti munthu akaona botolo kunyumba kwake azikumbukira pomwe anagula.

Mayi wapampando anandionetsa pa foni chithunzi cha katoni ya zipatso imene mwana wawo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Akufuna zilembo za mtundu umenewo: zonenepa, za mapazi okhuthala, zopendekera kutsogolo ngati zili pa liwiro. Nditayang'ana ndinaona kuti fonti yake, kutanthauza mtundu wa zilembozo, ndi slab serif (za mapazi okhuthala), bold italic (zonenepa, zopendekera). Ine ndagwirizana nawo ndi mtima wonse. Zilembo zimenezi zili ndi mphamvu, sizichita manyazi, ndipo amayiwa amalawirira m'bandakucha kukapikula zinanazi, ayenera chikwangwani choti aliyense wodutsa achione.

Vuto lili apa. Pa kompyuta yanga ndili ndi Rockwell, ija imabwera ndi Microsoft Office. Ndinakoperanso Roboto Slab ndi Alfa Slab One pa Google Fonts. Alfa Slab One ndi imene yandigwira mtima chifukwa cha kunenepa kwake, koma ilibe italic. Roboto Slab nayonso ilibe. Ndiye ndinazipendeketsa ndekha mu CorelDRAW, pulogalamu yojambulira pa kompyuta, ndi chida chake chopendeketsera chotchedwa skew. Pa sikirini zikuoneka bwinobwino. Koma nditasindikiza n'kumata pakhoma la panja, ndikaima tsidya lina la msewu, diso langa likukana. Mawu oti ZINANAZI akuoneka ngati zilembo zina zadya kwambiri, zina zagona ndi njala.

Ndiye funso langa: kodi kupendeketsa wekha n'kololedwa pa ntchitoyi, kapena ndifune fonti ina? Ngati ndi ina, iti yaulere imene ili ndi bold italic yeniyeni? Ndipo mawu atatuwa ndiwaike pa mzere umodzi? Pentiyo adzapaka ndi mnyamata wina wa kuno potsatira pepala langa, koma masitika ndikadulitsa ku Limbe.

MkuluWaBurashi analemba:

Mayi a pa Chitakale, zikomo pofunsa musanapake. Ine ndine wa ku Luchenza, ndinayamba kulemba zikwangwani ndi burashi makompyuta asanafike m'maboma mwathu muno. Mayina a mafonti akuuzani anyamatawa, ine ndinena za pamsewu.

Choyamba, mawu atatu pa mzere umodzi ayi. Werengani zilembo: ZINANAZI zisanu ndi zitatu, NTHOCHI zisanu ndi ziwiri, UCHI zinayi. Zonse 19, ndiye muonjezerepo mipata ya pakati pa mawu. Pa mamita atatu, chilembo chilichonse chipeza malo osakwana masentimita 15, ndipo zilembo za mapazi zimadya malo kuposa zopanda mapazi. Ife alembi timayenda ndi lamulo lakale loti inchi imodzi ya kutalika kwa chilembo imawerengeka bwino pa mafiti khumi. Chilembo cha mainchi 6, omwe ndi masentimita 15, ndiye kuti mafiti 60, pafupifupi mamita 18. Galimoto yochokera ku Blantyre ikafika pa mamita 18, dalaivala alibenso nthawi yoganiza zoima. Wadutsa kale, akuona shediyo pagalasi.

Chitani chonchi. ZINANAZI yokha pamwamba, idzaze lata lonse, zilembo zitalike masentimita 35 kapena kuyandikira pamenepo. Chinanazi ndicho chimaimitsa anthu ku Mulanje, aliyense amadziwa. NTHOCHI ndi UCHI pa mzere wachiwiri, theka la msinkhu umenewo. Dzina la gulu ndi foni zing'onozing'ono m'munsi, pakuti amene akuwerenga zimenezo ndi munthu woti watsika kale.

Chachiwiri, mapazi. Zilembo zimenezi mapazi ake akayandikana amagwirana. Taonani kumapeto kwa NTHOCHI: H ali ndi miyendo iwiri, I mwendo umodzi, yonse yoongoka, yonse ndi mapazi pamwamba ndi pansi. Mukazithinitsa, kutali zimaoneka ngati mpanda wa nsungwi, osati mawu. Chimodzimodzi I ndi N mu ZINANAZI. Siyani mpata woti chala chachikulu chilowe pakati pa phazi ndi phazi. Koma pakati pa N ndi A musawonjezere, A pamwamba ndi wosongoka, mpata ulipo kale.

Chachitatu, kupendekera kusapitirire. Ine ndimadula kakatoni pa madigiri khumi kapena khumi ndi awiri, n'kujambula mizere ya choko lata lonse ndisanagwire burashi. Mnyamata wanuyo mumuuze achite zomwezo. Wolemba ndi dzanja akayamba wopanda mizere, chilembo choyamba chimapendekera pang'ono, chomaliza chimagwa chagada.

Ndipo mtundu wa penti. Chonde musaike zobiriwira. Kumbuyo kwa shediyo kaya kuli munda wa tiyi kaya nthochi, zonse ndi zobiriwira, chikwangwani chisowa. Kumbukiraninso chiperoni: mwezi wa June ndi July nkhungu ikatsika phiri, zofiira pa zobiriwira sizioneka n'komwe. Lata likhale lachikasu, zilembo zakuda. Kapena lata lakuda, zilembo zoyera, koma pamenepo zilembo zoyera zimaoneka zonenepa kuposa mmene zilili, ndiye mipata muikulitse pang'ono.

Ngati n'kotheka amayiwo achiimike choyang'ana komwe kukuchokera magalimoto, osati chogona motsatira msewu. Zilembo zopendekera ukaziyang'ana cha m'mbali zimathinana kawiri.

DizayinaWaKuBvumbwe analemba:

Bambo a ku Luchenza anena zoona zokhazokha, makamaka za mzere umodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Zilembo za mainchi 6 zija ndiye kuti dalaivala ali ndi nthawi yosakwana sekondi.

Achemwali, diso lanu silikunama, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Skew sichita kujambula chilembo mwatsopano, imangokankha mutu wake kumanja mapazi ali pomwepo. Mizere yogona, monga mapazi aja, imatsala ndi kukhuthala kwake. Koma mizere yopingasa imasintha. Mzere umene unali wopendekera kale kumanja umaonda, umene unali wopendekera kumanzere umanenepa. Tsopano yang'anani mawu anuwo. Z ali ndi mzere wopita kumanja: waonda. N ali ndi wopita kumanzere: wanenepa. A ali ndi yonse iwiri, ndiye mwendo wina waonda wina wanenepa. Mu ZINANAZI zilembo zisanu ndi chimodzi mwa zisanu ndi zitatu ndi zopingasa. Mawu ake ndi amenewo oonetsa poyera kuipa kwa skew. Ndipo Chichewa chathu chadzaza ndi A, N, M, W, K ndi Z, kotero vutoli lidzakutsatani pa ntchito iliyonse. Zilembo zozungulira nazonso zimavutika: O, C ndi U zimatupa ngodya ziwiri n'kuphwa ngodya zinazo.

Mu italic yeniyeni wojambula fonti amakhala pansi n'kukonza zonsezi chilembo ndi chilembo, kubwezera kukhuthala pomwe kwachoka. Pa zilembo zing'onozing'ono nthawi zambiri amasinthanso kaumbidwe, a ndi f zimatenga maonekedwe a zolemba pamanja. Pa fonti yoonda skew ukhoza kuzembetsa, anthu osazindikira. Pa slab yonenepa ayi, chifukwa kukongola kwake konse kuli pa kufanana kwa mizere.

Za mafonti. Yambani ndi imene muli nayo kale. Rockwell ili ndi Bold Italic yakeyake, yojambulidwa, osati yokankhidwa. Ndi fonti ya kampani ya Monotype ya mu 1934, yozungulira bwino, O wake pafupifupi bwalo lenileni. Koma chenjerani: Rockwell Extra Bold, yonenepa kwambiri ija, ilibe italic. Pulogalamu ina ikakulolani kudina batani la I pa imeneyo, dziwani kuti ndi skew yomwe ija yangovala malaya ena.

Pa Google Fonts, ine pa ntchito ngati yanuyi ndimayamba ndi Bitter. Anaijambula ndi Sol Matas wa ku Argentina, ndipo imanenepa mpaka Black, mlingo wonenepa kuposa Bold ndi ExtraBold, italic yake ilipo pa kunenepa kulikonse. Popeza mtima wanu uli pa Alfa Slab One, Bitter Black Italic kapena ExtraBold Italic ndi imene ikufikitseni pafupi. Zilla Slab, imene kampani ya mafonti ya Typotheque inakonzera bungwe la Mozilla mu 2017, ili ndi italic yokongola kwambiri, koma imathera pa Bold, ndiye pa lata lalikulu ikhoza kuoneka yopepuka. Pa masitika a uchi ingakhale bwino zedi. Arvo ya Anton Koovit ili ndi Bold Italic, ndi yotambalala, yofanana pang'ono ndi Rockwell, koma imadya malo. Pali ina dzina lake Besley, ya mtundu wa Clarendon, mapazi ake amalumikizana ndi mwendo mokhota osati mwa ngodya. Iyo ndi yofunda, yachikale pang'ono, imagwirizana ndi zinthu za kumunda monga uchi ndi tiyi, ndipo nayo ili ndi italic mpaka Black.

Zinayi za pa Google zimenezi ndi zaulere pansi pa chilolezo chotchedwa SIL Open Font License, mukhoza kugwiritsa ntchito pa malonda popanda mantha. Ndikunena izi chifukwa ambiri timapatsana mafonti pa flashi osadziwa komwe anachokera.

Musawononge bandulo kukopera zonse. Pa tsamba la Google Fonts pali polemba mawu ako. Lembani ZINANAZI NTHOCHI UCHI pomwepo, muone mmene iliyonse ikuwanyamulira. Fonti sitiyesa ndi mawu a Chingerezi amene amaika pa chitsanzo, timayesa ndi mawu a kasitomala.

MphunzitsiWaKuThyolo analemba:

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Thyolo, ndipo maposita a sukulu yathu ndimakonza ndine. Ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, achemwali ndi achimwene.

Kodi kupendekerako n'kofunikadi pa chikwangwani chachikulucho? Zilembo za slab zinabadwira ntchito yokuwa. Zinayamba kuoneka ku London, m'buku la zitsanzo la Vincent Figgins la chaka cha 1815, nthawi imene amalonda ankafuna zilembo zakuda bii za pa maposita a m'misewu. Ena anazitcha Egyptian, osati chifukwa zinachokera ku Egypt, koma chifukwa ku Ulaya anthu anali atatengeka ndi zinthu za dziko limenelo kutsatira ulendo wa nkhondo wa Napoleon wa mu 1798. Mphamvu yake yonse ili pa kuima nji, mapazi ataponda pansi. Clarendon, imene Robert Besley anatulutsa mu 1845, inatchuka dziko lonse ili yoongoka, ndipo anthu anaigwiritsa ntchito zaka zambirimbiri osaifunira italic. Ngakhale kampani ya Hoefler & Frere-Jones potulutsa fonti ya Sentinel mu 2009, chimodzi mwa zomwe ankanyadira chinali chakuti tsopano mtundu wa Clarendon wapeza italic yokwanira.

Tanthauzo langa ndi ili. Kunenepa ndi njira imodzi yokuwira. Mapazi okhuthala ndi yachiwiri. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha ndi yachitatu. Kupendekera ndi yachinayi. Mukaika zonse zinayi pa mawu aliwonse, palibe chimene chikuposa chinzake, diso silidziwa poyambira. Kupendekera kumagwira ntchito pamene pafupi pake pali choongoka. Pa posita ya mpikisano wa mpira kapena wothamanga, kapena pa minibasi, ndimavomera, pakuti nkhani yake ndi liwiro. Koma chinanazi sichithamanga. Amayiwo akufuna munthu aime.

Ndikanakhala ine, ZINANAZI ndikanaisiya yoongoka, mu Alfa Slab One yomwe mwaikondayo, popanda kuikhudza. NTHOCHI ndi UCHI ndi zimene ndikanapendeketsa ndi fonti ya italic yeniyeni, ndiponso m'zilembo zosakaniza, Nthochi ndi Uchi, chifukwa h, t ndi c zimapatsa mawu kaumbidwe kake kodziwika ndipo mpanda uja akunena bambo a ku Luchenza umachepa. Pa botolo la uchi, pomwe munthu wagwira m'manja ndipo ali ndi nthawi, italic ikhale mfumu.

Komabe ndikudziwa kuti kasitomala wanena chimene akufuna, ndipo mayi wapampando wa gulu si munthu womutsutsa pa foni. Apangireni ziwiri, mukamate pa shedi pomwepo, muwatengere amayiwo kutali mamita 40, asankhe ndi maso awo.

WaChitakale analemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndinapempha. Achimwene a ku Bvumbwe, nditawerenga ndinabwerera pa pepala lija, ndipo ndi momwemo ndendende: ma N onenepa, ma Z oonda, A aliyense wotsimphina mwendo umodzi.

Ndachita monga ananenera aphunzitsi. Ndinasindikiza ziwiri pa mapepala a A3 olumikiza, ina ZINANAZI yoongoka mu Alfa Slab One, ina yopendekera mu Bitter Black Italic, zonse pa msinkhu umene ananena bambo a ku Luchenza. Tinamata pa shedi, tinayenda ndi amayiwo mpaka pokhota msewu. Onse awiri amawerengeka, ndisaname. Koma amayiwo asankha yopendekera, onse kupatula mmodzi. Akuti m'mbali mwa msewu umenewo zikwangwani zonse ndi zoongoka, yawo ikhale yosiyana. Aphunzitsi, mfundo yanu sinatayike: mzere wachiwiri ndauika woongoka, m'zilembo zosakaniza, mu Bitter yomweyo. Ndangotembenuza dongosolo lanu. Lata likhala lachikasu, zilembo zakuda.

Ndatsala ndi ziwiri. Pa sitika akufuna mawu oti "Uchi wa m'phiri" ndipo m'munsi "Mulanje, Malaŵi", ndi ŵ wa kachipewa, chifukwa mlembi wa gulu ndi mayi wachikulire amene anaphunzira kulemba choncho ndipo sakufuna kumva zina. Ine ndikuwalemekeza pa chimenecho. Kodi mafonti onsewa ali naye ŵ ameneyu? Chachiwiri, kachizindikiro ka pakati pa m ndi p kakuoneka koongoka, koonda, ngati kachokera kwina. Ndikakonze bwanji?

DizayinaWaKuBvumbwe analemba:

Mwachita bwino kukhala pa banja limodzi la fonti, achemwali. Italic pamwamba, yoongoka pansi, zonse Bitter, chikwangwani ndi botolo zidziwana.

Za ŵ: si fonti iliyonse ili naye. Yang'anani ngati fontiyo ili ndi Latin Extended, gulu la zilembo zoonjezera zokhala ndi tizizindikiro, zoterozo nthawi zambiri zimakhala naye, pakuti chilankhulo cha ku Wales chimagwiritsanso ntchito chilembo chomwecho. Koma musangokhulupirira, lembani Malaŵi mu italic yomwe mukugwiritsayo, mukulitse kwambiri pa sikirini. Ngati fonti ilibe, kompyuta siikuuzani, imangobwereka ŵ ku fonti ina mwakachetechete. Mudzamuzindikira chifukwa amakhala woonda, wopanda mapazi, nthawi zina woongoka pakati pa anzake opendekera. Onaninso kuti kachipewako sikakugunda kadontho ka i, pakuti mu italic yonenepa ziwirizi zimayandikana. Zikagundana, patulani w ndi i pang'ono ndi dzanja.

Kachizindikiro ka m'phiri: kamene kali pa kiyibodi ndi koongoka, kotsalira ku mataipi akale. Fonti ili ndi kake kopindika, konenepa molingana ndi zilembo. Pa Windows gwirani Alt n'kulemba 0146 pa manambala a kumanja. Kameneka mudzakafuna tsiku lililonse, mu m'mudzi, ng'ombe, n'chifukwa. Mukakaika, yang'anani mpata wa mbali zonse ziwiri, kasamatirire pa m komanso kasathawire kwa p.

Popita ku Limbe, sankhani mawu onse mu CorelDRAW n'kudina Ctrl ndi Q kuti asanduke curves, kutanthauza zojambula zosadaliranso fonti, apo ayi kompyuta ya kumeneko ikapanda Bitter idzaika fonti ina. Sungani kope lina losasintha kuti mudzathe kukonza nambala ya foni mtsogolo. Ndipo ngati masitikawo ndi odula pa vinyl, pulasitiki yomata ija, osati osindikiza, mawu ang'onoang'ono musawaike mu Black. Timabowo ta mkati mwa a ndi e timachepa kwambiri, wochotsa zinyenyeswa amang'amba chilembo. Pa "Mulanje, Malaŵi" tsikirani ku SemiBold kapena Bold, ndipo muwapemphe adule kamodzi kaye muone musanalipire zonse.